Kompyuta Yosadziwa Ng'ombe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa chitseko cha chigayo pa Kamwendo. Panali pepala lomatidwa ndi phala, ngodya imodzi itayamba kale kumatuka. Linkati bungwe lina lothandiza alimi ku Mchinji boma likufuna munthu wodziwa kulemba mapulogalamu a pa kompyuta. Zinali zaka zija mafoni a m'manja atangoyamba kufika kumidzi. Makolo anga anali matenanti pa esiteti ya fodya cha ku Mavwere, ndipo amalume anga a ku Lilongwe ndiwo anandilowetsa kasukulu ka makompyuta komwe ndinaphunzira miyezi isanu ndi inayi. Satifiketi inagona mu sutikesi chaka ndi theka, mwini wake ndikusoka fodya m'chigafa ngati wina aliyense.

Tsiku la mayeso tinabwera anthu asanu ndi mmodzi, mkazi ndekha. Anatilandira ndi Bambo Kaliza, mkulu woona za makompyuta pa bungwepo, munthu wamtali wa magalasi omanga ndi kawaya mbali imodzi. Magetsi anali atazima. Iwo sanadandaule, anangogawa mapepala ndi mapensulo.

"Kompyuta ilibe moto, koma mitu yanu ili nawo," anatero. "Lembani pulogalamu yowerenga kuyambira 1 mpaka 100. Nambala ikamagawika ndi 3 izilemba mtedza, ikamagawika ndi 5 izilemba soya, ikamagawika ndi zonse ziwiri izilemba mawu onse awiri. Ndikufuna yogwira ntchito. Zikagwira ziwiri, nditenga yaifupi."

Anzanga anadzaza mapepala awo kuseri ndi kuseri. Yanga inathera pa mizere isanu. Sikuti ndinali wanzeru kuposa iwo. Kusukulu kwathu kompyuta imodzi tinkagawana anthu anayi, aliyense mphindi khumi, ndiye ndinazolowera kulemba zochepa kuti ndithe kutayipa nthawi yanga isanathe. Magetsi atayaka, Bambo Kaliza anatayipa mapulogalamu onse okha. Anawerenga zilembo za yanga ndi nsonga ya pensulo, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"A Esinati, Lolemba mubwere."

Ofesi inali ya zipinda ziwiri. Munali makompyuta awiri, kabatire kosunga moto mphindi zochepa magetsi akazima, ndi printa ya riboni yolira ngati makina osokera. Tinkalemba mapulogalamu mu Visual Basic, mayina a alimi tikusunga mu Access, yomwe Bambo Kaliza ankangoitcha nkhokwe. Alangizi ankabweretsa mafomu olembedwa pamanja kuchokera kumidzi. Mai Tembo, a sekilitale, ankawatayipa mu Excel. Ntchito ya pulogalamu inali kutenga mayinawo limodzilimodzi, kuwalowetsa m'nkhokwe, kupatsa mlimi aliyense nambala, kenako kusindikiza matikiti olandirira mbewu mudzi ndi mudzi.

Lachisanu masana magetsi sankakonda kukhalapo, ndipo imeneyo inali nthawi ya mpikisano. Bambo Kaliza ankalemba funso pa bolodi. Sabata ina kutembenuza dzina kuti liyambire kumapeto, ina kupeza zaka zimene February amakhala ndi masiku 29, ina kujambula piramidi ya nyenyezi. Wopambana anali amene walemba pulogalamu ya zilembo zochepa. Tinkawerenga chilichonse, ngakhale mpata wa pakati pa mawu. Pulogalamu ikakana kuyenda magetsi atayaka, mwini wake wagwa, kaya ndi yaifupi chotani. Wogonja ankagula tchipisi pa chiwaya.

Tinali opikisana atatu. Wachitatu anali a Mwanza, mphunzitsi wa ku Chipata, mnzawo wakale wa Bambo Kaliza. Funso linkapita ndi dalaivala wina wodutsa pa boda, yankho n'kubwera ndi yemweyo Lachitatu, m'kaenvulopu kakhaki. Akationa kuti tatalikitsa, a Mwanza ankalemba m'munsi mwa pepala ndi zilembo zikuluzikulu: "Mwakangiwa, a Malawi!" kutanthauza kuti talephera. Iwo akapambana, tchipisi zawo tinkadya ndife powaimirira.

Masewerawa anandilowa m'magazi. Ndinaphunzira kutcha chinthu chilichonse ndi chilembo chimodzi, a, b, c, m'malo molemba dzina lonse. Ndinaphunzira kulumikiza mizere itatu kukhala umodzi. Ndinatulukira kuti kwa kompyuta "inde" ndi "ayi" ndi manambala basi, ndiye ukhoza kuwachulukitsa kapena kuwaphatikiza m'malo moifunsa mafunso ataliatali. Pa minibasi ndinkakhala ndikuwerenga zilembo ndi zala, anthu n'kumayesa ndikupemphera kolona. Sabata yachisanu ndi chimodzi ndinawaposa onse awiri ndi zilembo zitatu. A Mwanza analemba kuti, "Uyo mukazi ni woopsa." Kapepalako ndinakasunga m'Baibulo.

Mwezi wa October bungwe linakonza zogawa mbewu ya mtedza. Pulogalamu yakale, imene analemba Bambo Kaliza, inali ya masamba anayi ndipo inali yochedwa. Ikakumana ndi kanthu kokayikitsa inkaima n'kufunsa munthu, ndipo Mai Tembo ankatopa nayo. Bambo Kaliza anali otanganidwa kumidzi, ndiye anandisiyira ine kuti ndiikonze.

Ndinaigwira ngati funso la Lachisanu. Masamba anayi ndinawafinya mpaka kukhala tsamba limodzi. Panali mizere khumi ndi iwiri imene ntchito yake inali kungoyang'anira zolakwika. Ndinaichotsa yonse n'kuikapo mzere umodzi, On Error Resume Next, umene umauza kompyuta kuti ikapunthwa isanene kanthu, ingolumpha n'kupitirira. Ndinaiyesa ndi mayina khumi ongopeka: Banda, Phiri, Mwale, Zulu ndi ena otero. Onse analowa. Mayina enieni analowa m'mphindi zitatu m'malo mwa theka la tsiku, ndipo Mai Tembo anaomba m'manja. Kuyerekeza kuchuluka kwa mayina a mu Excel ndi amene alowa m'nkhokwe sindinakuganizire n'komwe. Ndinasindikiza tsamba langa lija n'kumayenda nalo m'chikwama, kuti ndidzalitumize ku Chipata.

Tsiku logawa linafika mvula yoyamba itagwa kale, anthu ali pa changu chodzala. Tinakwera lole ya hayala kuchoka pa boma mpaka pa Kamwendo, ine ndi Bambo Kaliza kutsogolo, alangizi awiri pamwamba pa matumba. Malamulo a amene anapereka mbewuyo anali awiri. Wopanda tikiti yosindikizidwa ndi kompyuta asalandire kanthu. Ndipo ikakwana 3 koloko, lole ibwerere ku Lilongwe ndi matumba onse otsala.

Anthu anabwera wapansi, panjinga, ena pangolo. Ntchito inayamba bwino. Munthu ankatchula mudzi ndi dzina, ine n'kufufuza tikiti yake pa mulu, iye n'kudinda chala kapena kusayina, alangizi n'kumupatsa thumba. Cha m'ma 9 koloko kunabwera mayi wina wa ku Dambe, wamfupi, atamanga mpango wobiriwira, khasu laling'ono lili m'dengu.

"Ndine Mai Kang'ombe," anatero.

Ndinasanthula mulu wa ku Dambe kawiri. Tikiti panalibe. Ndinawapempha kuti adikire pambali, ndikuganiza kuti alangizi anaiwala fomu yawo. Sipanapite nthawi, wina naye anasowa. Kenako wina. Ikamakwana 10 koloko, pansi pa mtengo wa mango panali gulu, ndipo linayamba kulankhula mokweza. Bambo wina wa jekete lakuda, amene ndinamva akumutchula kuti a Mang'anda, anabwera n'kumenya tebulo langa ndi chikhatho.

"Tinalembetsa tonse tsiku limodzi, pamaso pa alangizi omwewa! Mwatichotsa chifukwa cha chipani, eti? Kapena matumba athu mwagulitsa kale ku Zambia?"

Masiku amenewo mawu oti chipani sankachedwa kuyatsa moto. Anthu a pa mzere anasiya mzere n'kuyandikira. Wina anagwira chitseko chakumbuyo cha lole. Dalaivala analiza injini n'kukuwira pa zenera kuti akangoona mwala umodzi, iye wapita.

Bambo Kaliza anakwera pa benchi. Anapempha anthu kuti aliyense wosowa tikiti atchule dzina lake bwinobwino, lilembedwe. Kenako anandipatsira kope. Ndinayamba kulemba. Kang'ombe. Mang'anda. Ng'oma. M'bwana. Ching'ani. Kang'ombe wina. Nditafika pa dzina lachisanu ndi chiwiri, ndinasiya kulemba n'kuyang'ana tsamba lonse.

Dzina lililonse linali ndi kachizindikiro kaja kolendewera m'mwamba, kamene kusukulu tinkati nkhodolero. M'chilankhulo cha nkhokwe, kachizindikiro komweko ndiko kamasonyeza poyambira ndi pothera mawu. Kompyuta ikafika pa Kang'ombe inkawerenga Kang n'kuyesa dzina latha, kenako n'kukumana ndi ombe, osadziwa chochita naye. Pamenepo inkapunthwa. Pulogalamu yakale ikanaima n'kufunsa. Yanga, pomvera mzere wanga umodzi uja, inkangolumpha munthuyo mwakachetechete n'kupita kwa wotsatira.

Ndinawakokera Bambo Kaliza kuseri kwa lole n'kuwauza zonse. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya nthawi yaitali, n'kuwavalanso.

"Mukawauze nokha," anatero. "Mukatha, tikonze."

Pa moyo wanga sindinayendepo mtunda wautali ngati wochoka pa lole kukafika pa mtengo wa mango uja. Ndinagwada pang'ono, n'kunena kuti palibe wa chipani wachotsa munthu, palibe thumba lagulitsidwa, wolakwa ndine. Ndinalemba dzina la Kang'ombe pa dothi ndi kamtengo, n'kuloza kachizindikiro kaja. Ndinati makina akafika apa amasokonezeka, ndipo ine ndinawauza kuti akasokonezeka azingodutsa.

Mai Kang'ombe anawerama n'kuyang'anitsitsa pa dothipo.

"Ndiye mukuti makina anuwo sadziwa ng'ombe?" anafunsa. "Ku Mchinji kuno?"

Wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Koma a Mang'anda sanaseke.

"Kuseka sikudzala, mayi," anandiuza. "3 koloko ikakwana, ife tinyamula chiyani?"

Funso lawo linali loona. Kompyuta inali pa boma, ife tili pa Kamwendo. Kudikira minibasi kuti idzaze, kukafika, kukonza, kusindikiza, n'kudikiranso ina yobwerera, nthawi ikanatithera panjira. Komanso magetsi pa boma ankakonda kuzima cha m'ma 12. Ku ofesi kunali Mai Tembo okha, katswiri pa kutayipa koma wosadziwa ngakhale mzere umodzi wa pulogalamu. Kuwauza pa foni zizindikiro chimodzichimodzi kukanakhala kutaya nthawi. Njira inali imodzi: kuwatumizira lamulo lonse pa meseji, iwo akopere monga lilili. Meseji imodzi imatenga zilembo 160. Ikapitirira inkaduka pawiri, ndipo pa netiweki ya nthawi imeneyo chidutswa chachiwiri chinkatha kufika madzulo kapena osafika n'komwe.

Tinakhala pa matumba awiri a mtedza. Ndinatulutsa tsamba langa lonyadira lija kuti tione mayina a zinthu. Apa ndi pamene manyazi anandigwira kachiwiri. Panali a, b, c, q ndi z, ndipo ine mwini wake sindinkakumbukanso kuti q ndi mudzi kapena nambala ya tikiti. Panali patangopita masabata atatu. Tinataya mphindi khumi ndi zisanu tikulondola ndi chala, Bambo Kaliza akulemba tanthauzo la chilembo chilichonse m'mphepete. Sananditonze. Ndikanakonda akanandikalipira.

Mankhwala ake anali odziwika. Nkhodolero ikalembedwa kawiri motsatizana, nkhokwe imamva kuti ndi mbali ya dzina. Lamulo lathu linafunika kusankha mayina okhawo okhala ndi kachizindikiroka, kukawirikiza, kuwalowetsa, kuwapatsa manambala opitiriza pamene ena analekera, n'kuonetsa kuti alowa angati. Bambo Kaliza analemba lawo, tinawerenga, zilembo 231. Anandipatsira pensulo.

"Lero si Lachisanu," anatero, "koma dulani."

Ndinadula. Ndinachotsa mipata yonse imene kompyuta imatha kudziikira yokha. Ndinaphatikiza mafunso awiri kukhala limodzi. Zinafika 190, kenako 174. Pamenepo ndinakanirira. Chodula chapafupi chinali kachidutswa ka kumapeto, koonetsa kuchuluka kwa mayina amene alowa. Kukachotsa, tikanakwana. Ndinaika nsonga ya pensulo pamenepo. Ndinakweza maso, n'kuona Mai Kang'ombe atakhala pa dengu lawo, akuyang'ana mitambo ya kumadzulo. Kachidutswako ndinakasiya. Ndinabwerera pakati, n'kupeza kuti dzina la nkhokwe ndalilemba kawiri pamene kamodzi kakanakwana, ndi kuti nambala yomaliza kompyuta ikhoza kuipeza yokha ndi mawu amodzi. Tinawerenga tonse awiri, aliyense payekha. Zilembo 157.

Kulilemba pa foni kunali ntchito inanso, chifukwa chizindikiro chilichonse chinkafuna kudina batani kangapo. Nditatumiza, tinaimbira Mai Tembo. Ndinawauza kuti atsegule nkhokwe, adine Ctrl ndi G pamodzi, patseguka kazenera m'munsi, akopere mesejiyo mmenemo osasintha kanthu, kenako adine Enter.

"Yakana," anatero patapita kanthawi. "Yatulutsa kabokosi kodandaula."

Komabe ndinasangalala kuti ulendo uno yadandaula m'malo mongodutsa. Ndinawapempha kuti andiwerengere pakati pa mzerewo. Zinapezeka kuti pamene panali nkhodolero ziwiri zoyandikana, iwo anadina chizindikiro chimodzi cha timichira tiwiri, chija timatsegulira mawu a munthu. Pa foni zimaoneka zofanana.

"Amayi, si kamodzi ka michira iwiri ayi. Ndi tiwiri, kalikonse pakokha. Dinani batani lomwelo kawiri, osagwira Shift."

Ndinamva kiyibodi ikulira. Kenako Mai Tembo analankhula.

"Yalemba 47."

M'kope langa munali mayina 41. Ena asanu ndi mmodzi ndiye kuti sanabwere, kapena anabwerera osanena. Kenako pa foni panamveka phokoso la printa, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Mai Tembo anadula matikitiwo ndi rula, anathamanga nawo ku depoti, n'kupatsira kondakitala wa minibasi imene inali itatsala ndi mipando iwiri. Anatiuza pambuyo pake kuti pobwerera ku ofesi anapeza magetsi atazima.

Envulopu ya matikitiwo inafika 2 koloko itadutsa. A Mang'anda analandira thumba lawo osandiyang'ana, koma atayenda pang'ono anatembenuka n'kukweza chipewa. Mai Kang'ombe anadinda chala, anasenza thumba, n'kundifunsa dzina langa. Ndinati Esinati Moyo.

"Lanulo n'losalala," anatero. "N'chifukwa chake simunadziwe."

Matumba asanu ndi limodzi a anthu amene sanaoneke aja Bambo Kaliza anawatsitsa mu lole poonetsa matikiti ake, n'kuwasungitsa pa sitolo ina. Loweruka ndinawaperekeza ndekha pa kabaza, mudzi ndi mudzi. Bambo wina amene ndinamupeza kumunda anali atadzala kale chimanga pamalo amene anasungira mtedza, poganiza kuti wamanidwa. Analandira thumbalo, anathokoza, koma malo anali atapita. Chimenecho sindinathe kuchikonza ndi meseji.

Lolemba ndinapita ku ofesi ndikuyembekeza kalata yondichotsa ntchito. M'malo mwake ndinapeza tsamba langa lija pa tebulo, pambali pake mapepala oyera. Bambo Kaliza anati ndilembenso pulogalamu yonse, chinthu chilichonse ndichitche dzina lake lenileni, mudzi ukhale mudzi, tikiti ikhale tikiti, ndipo pamwamba pa gawo lililonse ndifotokoze ntchito yake m'mawu wamba. Woyesa anali Mai Tembo. Akawerenga gawo n'kulephera kunena chimene likuchita, ndinkabwereza. Inatuluka ya masamba atatu. Pomaliza inkaonetsa manambala awiri, mayina amene yapatsidwa ndi amene yalowetsa, ndipo akasiyana inkakana kusindikiza.

Ndinkaganiza kuti mpikisano watha, koma Lachisanu lomwelo funso linalembedwa pa bolodi monga mwa masiku onse. Ndinawafunsa ngati sakuopa kuti masewerawa andiwononganso.

"Popanda masewerawa meseji ija ikanakwana?" anandifunsa. "Tengani pensulo."

Ndinagwira ntchito pamenepo zaka zinayi. Lero ndimalemba mapulogalamu a m'zipatala zazing'ono, ndipo mipikisano ya zilembo zochepa ndimalowabe, tsopano pa intaneti, ndi anthu amene sindidzawaona nkhope. Achinyamata akandifunsa ndimawalimbikitsa kuti azisewera, chifukwa palibe chimene chimakuphunzitsa chilankhulo cha kompyuta ngati kusakasaka chilembo chimodzi choti uchotse. Koma pa ntchito yeniyeni, ndisanafufute mzere umene wina analemba, ndimayamba ndafunsa kuti mzerewu ukulondera ndani. Nthawi zambiri pamapezeka kuti pali munthu kuseri kwake, woti wayenda mtunda wautali ndipo dzina lake silifanana ndi langa. Ndipo pulogalamu iliyonse yatsopano, isanapite kwa eni ake, dzina loyamba limene ndimailowetsa poiyesa ndi Kang'ombe.